Azakhali, Njinga Yanga Ikudya Mabatire

Azakhali,
Ndili ndi Honda yakale imene anandisiyira malume. Chaka chino ndagula mabatire awiri, koma pakangopita milungu ingapo sitata imangoti keke, hutala nayo mawu osamveka. Kuti ilire, chibwenzi changa ndiye chimakankha. Anzanga akuti alipo wandilodza. Kodi ndigule batire lachitatu?
Wovutika, Kafue Estates

Mwana wa mchimwene wanga,
Mfiti yake ingataye nthawi ndi njinga imene ikulingana zaka ndi nyumba za ku Estates, zomwe anamangira antchito a Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles? Ndipo mwana wa eni uja umupepese, sanabwere kudzakankha katundu.

Batire ndi mtsuko chabe, sulitunga lokha madzi. Otunga ndi koyilo ya mu injini, ija amati stator, ndi regulator imene imasandutsa magetsiwo kuti alowe m'batire. Iwe ukungosintha mitsuko, wotunga ali chigonere.

Usanakwere basi ya ku Lusaka kukagula batire lachitatu, bwereka multimeter kwa makaniko. Batire litchajidwe kaye, lipume maola angapo, kenaka uyeze injini ili yozima: labwino limaonetsa 12.6 V kapena pafupi pamenepo. Tsopano liza injini, uonjezere moto pang'ono. Nambala ikwere, ifike pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikangokhala pa 12 pomwepo, magetsi sakufika. Ikadutsa 15, regulator yapenga, ndiye imene ikuphika mabatire ako ndi kupsereza mababu.

Ngati magetsi sakufika, usathamangire kumasula injini, ndikukudziwa iwe ndi sipanala. Yamba ndi zotchipa. Ona fyuzi. Ona waya wa earth pamene wamangidwa ku chitsulo cha njinga, chifukwa mvula ya Januwale ndi matope zimasiyapo dzimbiri, ndipo sandipepala yekha amachiritsa. Kenaka tsata mawaya achikasu ochokera mu injini mpaka pa pulagi, uisolole, uinunkhize. Ikakhala yakuda, yosungunuka, kapena yobiriwira m'kati, wakubayo ndi ameneyo. Ikakhala yoyera, ika mita pa AC uyeze mawaya omwewo injini ikulira. Nambala izikwera ukamaonjezera moto. Ikapanda kukwera, koyilo yapsa.

Ndiye undiuze zoona: ndi nyali zingati zokongoletsa wamangirira pa nkhalambayi? Nanga tchaja ya foni ija unalumikiza mwachindunji ku batire usiku wina magetsi atazima? Imayamwa ngakhale kiyi uli m'thumba. Zonsezo chotsa, uyezenso.

Batire lako likakhala la madzi, thira madzi a batire ogula, a mu mtsinje wa Kafue asiyire nsomba. Ndipo zikapezeka kuti ndi regulator, nyamula yakaleyo popita ku sitolo, uwerenge mawaya ake pamaso pa wogulitsa. Ya mawaya anayi ndi ya mawaya asanu sizilowana m'malo, ngakhale atakulumbirira.

Ndine azakhali ako.