Zoyenera Kudziwa Munthu Wokwera Sitima ya Pamtunda Koyamba pa Ulendo Wautali

Amalawi ambiri amene amapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu kapena kukatenga galimoto padoko amadziwa basi yokha. Ndi ochepa amene amaganizako zoti akawoloka mtsinje wa Songwe n'kufika ku Mbeya angathe kusiya msewu n'kukwera sitima ya pamtunda. Nkhani ino ikufotokoza zimene munthu wokwera sitima koyamba angayembekezere pa ulendo wogonera panjira, makamaka akakhala m'bogi ya anthu wamba, ya mipando yongokhala, chifukwa ndi m'mene ambiri a ife tingakwanitse kulipira. Chitsanzo chathu ndi njanji ya TAZARA, yomwe imachokera ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia kukafika ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, mtunda wa makilomita 1,860.

Ndi bwino kuyamba n'kudziwa chomwe njanjiyi idamangidwira. M'chaka cha 1965 boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia lidalengeza kuti ladziimira palokha, ndipo Zambia, dziko lopanda nyanja yamchere, idaona kuti njira yake yotumizira mkuwa kunja ili m'manja mwa adani. Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere adafuna njira ina yolowera kum'mawa. Mayiko a azungu adakana kuthandiza, koma dziko la China lidavomera kupereka ngongole yopanda chiwongoladzanja pamodzi ndi amisiri. Ntchito idayamba mu 1970, idatha mu 1975, ndipo mu 1976 njanjiyi idaperekedwa m'manja mwa maiko awiriwo. Tsono mlendo adziwe kuti akuyenda panjira imene idamangidwira katundu wolemera, ndiponso ya mzere umodzi. Sitima ziwiri zikamakumana, imodzi imaima pasiteshoni kudikira kuti inzake idutse. Mu 2025 maboma a Zambia ndi Tanzania adasainirana mgwirizano ndi kampani ya ku China ya CCECC woti ikonzenso njanjiyi, koma ntchito yotere simatha chaka chimodzi.

Ichi n'chifukwa chake phunziro loyamba ndi la nthawi. Papepala ulendo wonse ndi wa pafupifupi masiku awiri, ndipo kuchokera ku Mbeya ndi pafupifupi usana umodzi ndi usiku umodzi. Koma amene ali ndi tikiti ya ndege kapena tsiku lokaonana ndi dokotala asawerengere papepala. Asiye tsiku lathunthu lapadera. Komanso masiku onyamukira akhala akusintha. Mu 2020, pa mliri wa Covid-19, sitima za anthu zidaleka kuwoloka malire, ndipo pakhala nyengo zina pamene apaulendo amatsika pamalire n'kukwera sitima ina. Safunsa adadya phula: funsani kusiteshoni sabata imene mukufuna kunyamukayo, osadalira zimene adakuuzani mnzanu amene adayenda zaka zitatu zapitazo.

Pofunsapo pali msampha wina umene umandisangalatsa monga wophunzira za zilankhulo, ngakhale kuti wophonya nawo sitima sangaseke. Tanzania ili patsogolo pa Malawi ndi Zambia ndi ola limodzi. Kuwonjezera apo, m'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira potuluka dzuwa. Mawu akuti saa moja asubuhi, omwe tingawamasulire kuti ola loyamba la m'mawa, amatanthauza 7 koloko m'mawa, ndipo saa nane mchana, ola lachisanu n'chitatu, ndi 2 koloko masana. Munthu amene waphunzira manambala a Chiswahili okha akamva nane amaganiza za 8 koloko, n'kufika pasiteshoni usiku sitima itapita kalekale. Njira yosavuta ndi kupempha wogulitsa matikiti kuti alembe nthawiyo papepala, kenako n'kumufunsa ngati ndi ya Chiswahili kapena ya pawotchi ya Chingerezi.

Sitimayi imakhala ndi magulu angapo. M'kalasi yoyamba anthu anayi amagona m'chipinda chimodzi, m'kalasi yachiwiri anthu asanu ndi mmodzi, ndipo amuna ndi akazi amapatsidwa zipinda zosiyana pokhapokha banja litalipira chipinda chonse. Otsalawo ndi mabogi a mipando, ndipo m'menemo ndi momwe muli ulendo weniweni. Mumakhala amayi a mabasiketi a tomato, ana a sukulu, alimi onyamula matumba a mpunga, ena otsika pakangopita ola limodzi, ena opita mpaka kumapeto. Mpando umakoma maola asanu oyamba. Usiku ukafika, khosi limasowa potsamira, miyendo imatupa, ndipo amene adatenga kapilo ndi chitenje chopinda amaoneka wanzeru kuposa amene adavala suti. Ubwino wa sitima poyerekeza ndi basi ndi woti munthu amatha kuimirira, kuyenda kuchoka bogi ina kupita ina, n'kuwongola msana. Chitani zimenezo pafupipafupi.

Chodabwitsa china ndi kuzizira. Munthu akamva za Dar es Salaam amaganiza za thukuta, n'kusiya juzi kunyumba. Koma Mbeya ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo yolowera pazenera usiku kumeneko ndi ku Makambako imaposa ya ku Dedza kwa munthu amene wangokhala pamodzimodzi. Sitima ikatsikira kuchigwa cha Kilombero, cha ku Mlimba ndi Ifakara, kumatentha ndipo udzudzu umakhalapo. Ulendo umodzi womwewo umafuna bulangeti ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu.

Za chakudya palibe chodetsa nkhawa kwambiri. Pamakhala bogi yodyeramo, ndipo pamasiteshoni anthu amabwera m'mazenera ndi nthochi, mazira owiritsa, chimanga chootcha, mpunga ndi nkhuku. Nsima yomwe ija imangosintha dzina: ku Mpika ndi Kasama, kwa Abemba, ndi ubwali, ndipo mukangodutsa Tunduma ndi ugali. Chofunika ndi ndalama zing'onozing'ono za dziko limene mulimo, kwacha ya Zambia mbali ino ndi shilingi mbali inayo, pakuti sitima ikaliza hutala wogulitsa sathamangira kukubwezerani chenji. Madzi akumwa mutenge anu okwanira, pamodzi ndi sopo ndi pepala la kuchimbudzi, poti madzi a m'bogi amene akugwiritsidwa ntchito ndi anthu ochuluka chotere sangadaliridwe mpaka kumapeto.

Amene wakwerera ku Zambia amadutsa malire pa Nakonde ndi Tunduma, matauni awiri ogundana. Pasipoti ikhale m'thumba la chovala chimene mwavala, osati pansi pa chikwama chimene chili pamwamba. Apa pamabweranso anyamata osintha ndalama. Dziwiranitu mtengo wa tsikulo, werengani ndalama zawo kaye musanatulutse zanu, ndipo musinthe zochepa. Usiku, sitima ikaima pasiteshoni ya mdima, foni isakhale pafupi ndi zenera lotsegula. Koma chitetezo chachikulu m'bogi yotere ndi anthu oyandikana nawo. Mayi amene mwamugawira nthochi masana ndi amene adzakuyang'anireni chikwama mukapita kuchimbudzi pakati pa usiku. Moni wa Chiswahili ndi wosavuta kwa ife: kwa wamkulu mumati shikamoo, iye n'kuyankha kuti marahaba, ndipo mawu ambiri monga maji, nyama, mvua ndi moto mudzawazindikira nokha chifukwa zilankhulo zathu n'zapachibale.

Pazenera pali malipiro a kutopa konseko. Pakati pa Makambako ndi Mlimba, pomwe amisiri adavutika kwambiri pomanga, sitima imalowa m'mapanga obooledwa pansi pa mapiri, n'kutulukira pamilatho yaitali pamwamba pa zigwa. Kutsogolo, cha ku Kisaki, njanji imadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Selous, yomwe gawo lake lalikulu lidasandutsidwa Nyerere National Park mu 2019. Sitima ikadutsako dzuwa likuwala, anthu amaona nyamalikiti, mbidzi, anyani ndi agwape osalipira kanthu. Apa kuchedwa nthawi zina kumapindulitsa, chifukwa malo amene mukadadutsa mumdima mumawaona masana.

Siteshoni ya TAZARA ku Dar es Salaam ili pamsewu wa Nyerere, kutali ndithu ndi msika wa Kariakoo komwe amalonda ambiri amalowera. Ngati mwafika masana, madaladala, omwe ndi maminibasi a kumeneko, ndi otsika mtengo. Ngati mwafika usiku, muli ndi katundu ndipo Chiswahili chanu chimathera pa moni, gwirizanani mtengo ndi woyendetsa takisi musanalowe m'galimoto, kapena khalani pamodzi ndi anzanu a m'bogi aja mpaka kuche. Batire la foni lisungeni chifukwa cha ola limeneli.