Kubayitsa Ana Katemera wa Rubella N'kuteteza Mayi Woyembekezera

Mwana akatenga rubella amatentha thupi pang'ono, amatuluka tizidzolo toyambira kumaso n'kutsikira m'thupi, ndipo amachita mwanabere kuseri kwa makutu ndi m'khosi. Pakapita masiku atatu wayambanso kusewera. Ena sadwala n'komwe, koma kachilomboko amafalitsa ndithu potsokomola ndi poyetsemula. Pakhomo timangoti kanali kachikuku kochepa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsoka limagwera mayi amene wangoima kumene. Akatenga rubella mimba ili yaing'ono, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira, amayi 9 mwa 10 alionse amapatsira mwana ali m'mimba. Mayiyo akhoza kupita padera kapena kubereka mwana wakufa kale. Mwana akapulumuka, akhoza kubadwa wogontha, ali ndi ng'ala m'maso, mtima wosapangika bwino, kapena ubongo wosakula mokwanira. Dokotala wa maso wa ku Australia, Norman Gregg, ndiye adatulukira zimenezi mu 1941 ataona kuti makanda obadwa ndi ng'ala achuluka mliri wa rubella utangodutsa. Mankhwala opha kachilomboka palibe. Chomwe tili nacho ndi katemera.

Chomvetsa chisoni n'chakuti miyezi yoopsayi ndi imene mayi amakhala asanauze munthu, mwinanso mwini wake asanadziwe kuti waima. Simungamuchenjeze munthu amene simukudziwa kuti ndi woyembekezera. Ndiye chitetezo chenicheni chili pa ana amene amamuzungulira: ake omwe, a mnansi, a kusukulu yomwe akuphunzitsa. Anawo akabayidwa, kachilomboko kamasowa njira yofikira kwa iye.

Yambani ndi kabuku ka kusikelo. Ku Malawi katemerayu adayamba kuperekedwa mu 2017, ndipo adamuphatikiza ndi wa chikuku, n'chifukwa chake m'kabuku amalemba kuti MR. Mwana amabayidwa kawiri, ali ndi miyezi 9 kenako ali ndi miyezi 15, ndipo m'zipatala za boma ndi waulere. Wachiwiriyu ndi amene amaiwalika. Mwana akayamba kuyenda, ambiri timaona ngati za sikelo zatha, pomwe kubaya kwachiwiri n'kumene kumateteza ana amene koyamba katemera sadagwire bwino. Ngati tsiku lidadutsa, musachite manyazi kapena kuopa kukalipiridwa. Pitani naye, akabayidwabe. Kabuku kakatayika, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Abambo, kuona m'kabuku ndi ntchito yanunso.

Mwana akabayidwa, pamkono pakhoza kupweteka, ndipo ena amatentha thupi kapena kutuluka tizidzolo patatha sabata imodzi kapena ziwiri. Zimatha zokha. Kachimfine kapena kutsegula m'mimba pang'ono si chifukwa chojombera kusikelo.

Nanga mayi mwini wake? Katemerayu atayamba mu 2017, padachitika kampeni imene idabaya ana a miyezi 9 mpaka zaka 14, choncho amene adali atapitirira msinkhu umenewo idawaphonya. Ambiri a iwo adadwalapo rubella ali ana ndipo thupi lawo ndi lotetezeka, koma si onse, ndipo kukumbukira kuti mudatulukapo zidzolo si umboni. Ngati mukukonzekera kutenga pakati, kafunseni za katemerayu kuchipatala musanaime. Mukabayidwa, dikirani mwezi umodzi musanatenge pakati. Mayi woyembekezera sabayidwa katemera ameneyu, poti muli kachilombo kamoyo kofooketsedwa. Amadikira abereke, ndipo kuyamwitsa sikuletsa kubayidwa. Amene adabayidwa asakudziwa kuti waima asataye mtima, akangouza anamwino kusikelo. Si chifukwa chochotsera mimba.

Mwana akatuluka zidzolo ndi kutentha thupi, mutengereni kuchipatala, chifukwa ndi maso okha n'kovuta kusiyanitsa rubella ndi chikuku, chomwe chimapha. Asapite kusukulu kapena kutchalitchi kwa masiku 7 chitulukire zidzolo, ndipo woyembekezera asamusamalire. Agogo kapena abambo agwire ntchitoyo. Mayi woyembekezera amene wakhala pafupi ndi wodwala wotere, kapena iye mwini watuluka zidzolo, asadikire tsiku la sikelo. Apite msanga, ndipo akafika anene zimenezi pakhomo pomwe, asanakhale pabenchi limodzi ndi amayi anzake.

Lero lomwe tulutsani timabuku ta ana onse a pakhomo panu. Pomwe pali MR mmodzi yekha mwana atakwana kale miyezi 15, pitani naye kusikelo sabata ino.