Kufotokoza Chida Momveka

Makina anzeru otchedwa AI agent akatumidwa ntchito amasankha okha pulogalamu yoyenera pakati pa zida zambiri. Koma chidacho sachiona ai. Amachidziwa ndi mau ochepa amene mwini wake analemba. M'chaka cha 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa njira yolumikizira zidazi, dzina lake Model Context Protocol, ndipo m'menemo chida chiri chonse chimakhala ndi dzina, mafotokozedwe, ndi zimene chifuna kupatsidwa.

Tsono tiyerekeze chida cholembedwa kuti, "Chimanena za mtsinje." Mtsinje uti? Shire kapena Ruo? Pa Chiromo kapena pa Chikwawa? Madzi a lero kapena a dzulo? Makina sangapite kukafunsa mlembiyo. Angoganizira, nayankha molimba mtima. Ife a kuno kuchigwa, amene tinaona madzi a Freddy m'mwezi wa Marichi 2023, tidziwa kuti yankho la dzulo likhoza kugoneka banja la ku Makhanga m'nyumba usiku woyenera kuthawa.

Ine poyesa mafotokozedwe ndimawerengera mnzanga wa Fomu 1. Akalephera kundiuza ntchito ya chidacho, ndi nthawi imene sichingathandize, ndimalembanso.