Ulendo wa pa sitima ku Norway m'nyengo yachisanu: makalata a omvera

Wowulutsa: Lero nkhani ndi ya ulendo wa pa sitima yapamadzi kumaiko ozizira, ndipo tili ndi mayi amene ntchito yawo ndi kukonzera anthu maulendo otere.



Kalata yoyamba alemba ndi mayi a ku Ndirande. Akuti: "Mwana wanga ndi nesi ku Leeds. Wandigulira tikiti yoti mu February tikakwere sitima ya ku Norway, kuchoka ku Bergen mpaka ku Kirkenes. Ndili ndi chijekete chimodzi cholemera chomwe ndinagula pa kaunjika. Kodi chikwanira?"

Katswiri: Mayi, mwana ameneyo munalera bwino. Njira imene mukuti mukayendeyo ndi yakalekale. Sitima za Hurtigruten zinayamba kuyenda m'mphepete mwa Norway mu 1893, ndipo lero kuchoka ku Bergen kukafika ku Kirkenes zimaima pa madoko 34, pafupifupi sabata yathunthu. Nyanjayo siuma ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa cha mtsinje wa madzi ofunda wa m'nyanja wotchedwa Gulf Stream. Ndiye ku Bergen mungapeze mvula chabe, kutentha kuli pamwamba pang'ono pa ziro, koma pofika ku Kirkenes, kufupi ndi malire a Russia, kumatha kutsika mpaka madigiri 20 kunsi kwa ziro. Chijekete chimodzi sichingagwire ntchito konsekonse.

Komanso chimene chimavutitsa anthu pa sitima si nambala imene alengeza pa zanyengo ayi, ndi mphepo ndi chinyezi. M'kati mwa sitima mumatentha, mumatha kukhala ndi bulauzi yokha. Mukangotsegula chitseko kutuluka panja, mphepo imakulasani mpaka m'mafupa. Tsiku limodzi mulowa ndi kutuluka kangapo. Mukavala chinthu chimodzi cholemera, m'kati mutuluka thukuta, panja thukuta lomwelo likuziziritsani. Choncho valani zosanjikiza zitatu. Chapakhungu chikhale chopyapyala, chothina pang'ono, cha ubweya wa nkhosa kapena cha nsalu zija amavala othamanga, cha manja aatali pamodzi ndi cham'miyendo chake. Pamwamba pake juzi. Kunja kwenikweni jekete yosalowa mphepo ndi madzi, yokhala ndi chofunda kumutu. Mwalowa m'kati, mwavula ziwiri, mwatuluka, mwabwezera.

Wowulutsa: Nanga malaya athonje amene tinazolowera kwathu kunowa?

Katswiri: Amenewo ndiwo adani. Thonje likamwa thukuta siliuma msanga, limangomatirira pakhungu lili zii. Jinzi nayonso chimodzimodzi, ikanyowa ndi chipale chofewa imauma gwa ngati chikumba. Ubweya wa nkhosa umafunditsabe ngakhale utanyowa pang'ono. Ndiye mayi, pa kaunjika pomwepo bwereraniko, chifukwa zovala zambiri za m'mabelo zimachokera kumaiko ozizira omwewo. Muzitembenuza kolala kapena m'mbali n'kuwerenga kachikwangwani. Mukaona palembedwa wool kapena merino, tengani musananene mtengo kawiri. Nsapato zokha ndingakonde mukagule ndi mwana wanu ku Leeds, muziyese mutavala masokosi okhuthala.

Wowulutsa: Mwatchula nsapato, ndipo bambo wina wa ku Zomba, amene akupita ndi akazi awo, akufunsa zomwezo. Akuti ali ndi nsapato zachikopa zolimba zopitira ku ofesi.

Katswiri: Azisiye zidikire ofesi. Zimafunika zofika m'kakolo, zosalowa madzi, za mphira wokhakhala kunsi, ndiponso zokulirapo pang'ono. Nsapato yothina imatsekereza magazi, zala zimachita dzanzi ngakhale mutavala masokosi awiri. M'matauni ngati Tromsø misewu imakhala ndi madzi oundana oterera kwambiri, ndipo eni dziko omwe, makamaka achikulire, amamangirira kunsi kwa nsapato timphira tokhala ndi timisomali. Amatitcha brodder, timapezeka m'masitolo ambiri kumeneko. Polowa m'sitima kapena m'sitolo mumativula, timawononga pansi. Musaiwalenso chipewa chophimba makutu, sikafu ndi magolovesi. Ndimakonda aja osagawa zala, chifukwa zala zikakhala pamodzi zimafunditsana. Ndipo bambo, mafuta odzola musachite nawo manyazi. Mpweya wa kumeneko ndi wouma, milomo imang'ambika, khungu lathuli limatuwa mbuu. Kabotolo ka Vaseline kakhale m'thumba.

Wowulutsa: Kalata yachitatu ndi yaifupi, yachokera kwa mtsikana wa ku Johannesburg: "Ndinakwerapo Ilala nthawi ya mwera, ndinasanza njira yonse. Ndikuopa."

Katswiri: Pepani achemwali, koma mtima pansi. Mbali yaikulu ya ulendowu sitima imayenda mobisala kuseri kwa zilumba, madzi ali phee. Malo owinduka alipo owerengeka: pozungulira Stad, m'mamawa wotsatira usiku woyamba sitima itachoka ku Bergen, powoloka Vestfjorden kuchoka ku Bodø kupita ku Lofoten, ndi kumpoto kwenikweni m'nyanja ya Barents. Ogwira ntchito amadziwitsa nthawi isanakwane. Posungitsa malo pemphani chipinda cha pakatikati pa sitima, chakumunsi, poti ndi pomwe sipagwedezeka kwambiri. Mankhwala a mseru amamwa mafunde asanayambe, osati mutayamba kale kumva chizungulire. Ngati mumamwa mankhwala ena, monga a BP, kafunseni kaye kwa dokotala musananyamuke. Idyani pang'ono, zopanda mafuta ambiri, tiyi wa jinja amathandiza ena. Foni ndi buku ikani pansi, muziyang'ana patali pamene madzi akumana ndi thambo.

Wowulutsa: Tsopano funso limene labwera m'makalata ambiri: kodi sabata yonseyo munthu amachita chiyani? Wina wachita kulemba kuti, "Kunja kukuzizira, kuli mdima, si bwino kungokhala m'chipinda?"

Katswiri: Apa ndiye ndilankhule mosabisa. Ndalama zonsezo simulipirira bedi. Zovala tafotokozazi ntchito yake ndi yoti muthe kuima panja nthawi yaitali osathawira m'kati. Mdima ulipodi: ku Tromsø dzuwa silituluka kuyambira kumapeto kwa November mpaka pakati pa January. Koma mu February limakhala litabwerera, ngakhale masana amafupika. Ndipo mdimawo ndiwo umaonetsa chimene ambiri amapitira, kuwala kuja kwa kumpoto kotchedwa aurora. Kumachitika tizidutswa tochokera ku dzuwa tikawombana ndi mpweya kumwamba kwambiri, ndipo nyengo yake ndi kuyambira cha mu September mpaka March. Palibe angakulonjezeni tsiku, mitambo ikaphimba ndiye basi. Ogwira ntchito akakuona amalengeza ngakhale pakati pa usiku, ndiye pogona ikani zovala pampando motsatana, nsapato pakhomo, chifukwa nthawi zina sikuchedwa kuzilala. Musadabwe poyamba kukaoneka kotuwa ngati utsi. Kamera imaonetsa kubiriwira kuposa maso. Maso apatseni mphindi zingapo azolowere mdima. Foni muziisunga m'thumba lam'kati pafupi ndi thupi, batire limatha mwadzidzidzi likazizidwa.

Masana kuli zambiri. Sitima ikadutsa mzere wa Arctic Circle pamachitika kamwambo kanthabwala, ofuna amawathira madzi ndi timiyala ta ayezi kumsana. N'zosakakamiza, mayi a ku Ndirande akhoza kungoonerera n'kumaseka anzawo. Ku Honningsvåg kumanyamuka mabasi opita ku North Cape, nyengo ikalola. Koma chenjerani ndi wotchi. Sitimazi zimanyamulanso katundu ndi anthu a m'midzi ya m'gombe, madoko ena zimaima mphindi 15 zokha, ena ngati Trondheim ndi Tromsø maola angapo. Nthawi ikakwana zimanyamuka, sizidikira munthu.

Wowulutsa: Tatsala ndi mphindi imodzi. Bambo a ku Zomba aja anafunsanso ngati atenge suti ya chakudya chamadzulo.

Katswiri: Pa sitima za m'gombe la Norway safuna suti, anthu amadya atavala majuzi awo. Zikuluzikulu zochokera ku Southampton, monga za Cunard, ndi zomwe zimakhala ndi madzulo otchena, ndipo kumeneko mayi akavala chitenje chawo chosokedwa bwino palibe angawabweze. M'malo mwa suti, bambo athamangire chitupa. Norway ili m'dera la Schengen, ndipo pasipoti ya Malawi imafuna viza yake. Nanunso mayi a ku Ndirande, viza ya ku Britain sigwira ntchito kumeneko, ngakhale mwana wanu atakhala ku Leeds. Amafunanso inshuwalansi ya zachipatala pofunsira vizayo, ndiye yambani mapepala kudakali miyezi ingapo.

Wowulutsa: Makalata otsala tidzawerenga sabata yamawa.