MWANA WOTIKITA M'MASO MUSAMLEKERERE

Amayi, mumabwera ndi ana ku sikelo mwezi ndi mwezi ngakhale asakudwala, chifukwa sikelo imaulula vuto mwana asanayambe kuonda poyera. Maso nawonso ali ndi matenda ena amene amayamba mobisika. Phunziro lino likunena za matenda amene madokotala amaŵatcha keratoconus, ndiponso za chizoloŵezi chimene chimaŵakulitsa, ndicho kutikita m'maso.

KAGALASI KA DISO

Kutsogolo kwa diso, pamwamba pa chakuda chija, pali kagalasi koonekera ngati madzi oyera. Kuŵala konse kumaloŵera pamenepo. Kagalasika nkopyapyala ndithu, pafupifupi theka la milimita, koma nkolimba chifukwa kanalukidwa ndi tiulusi tosaoneka ndi maso, monga momwe lichero limalimbira ndi nsungwi zolukana. Pa diso langwiro kamakhala kobulungira bwino ngati mbale yovundikira.

Mwa ana ena tiulusi timeneti timafooka. Pamenepo madzi a m'kati mwa diso amakankha kagalasi kaja pang'onopang'ono, ndipo kamapyapyala, nkutukuka, nkusongoka ngati denga la nkhokwe. Kuŵala kukaloŵera pa nsonga yotere kumamwazika, kotero kuti mwana amaona zinthu mwachimbuuzi, zilembo zimaoneka zopindika, ndipo nyali imodzi usiku imaoneka ngati zingapo. Dokotala wa ku England, John Nottingham, anafotokoza bwino matendaŵa m'chaka cha 1854.

Matendaŵa si opatsirana, sabwera chifukwa choŵerenga mabuku, ndipo si ufiti. Kaŵirikaŵiri amagwira maso onse aŵiri, koma limodzi limatsogola. Amaonekera poyera mwana akamafika pa msinkhu wotha, koma akayamba mwa mwana wamng'ono amathamanga koposa mwa munthu wamkulu.

ANA OYENERA KUŴAYANG'ANIRA

1. Mwana amene maso amamuyabwa chaka ndi chaka. Kuno ku Kasinje ndi m'chigwa chonse cha Bwanje, miyezi ya September, October ndi November imakhala yotentha ndi yafumbi. Fumbi, utsi ndi mungu wa maluŵa zimayabwitsa maso a ana ena, makamaka anyamata osakwana zaka 10. Maso amatuluka misozi ndi manthongo onanda ngati ulusi, choyera cha diso chimasanduka chodera ngati dothi, ndipo mwana amathaŵa dzuŵa.

2. Mwana amene amatikita m'maso ndi nkhonya kapena ndi mfundo za zala tsiku ndi tsiku. Lichero lolimba limamasuka ngati mulipinda kosalekeza. Chimodzimodzinso kagalasi ka diso.

3. Mwana amene kholo kapena mbale wake ali ndi matenda omweŵa, chifukwa amayenda m'magazi m'mabanja ena.

4. Mwana wobadwa ndi matenda a Down.

Si mwana aliyense woyabwa maso amene adzadwala keratoconus. Koma kuyabwa ndiko kumabala kutikita, ndipo kuyabwako kumayamba pa msinkhu wa ana amene muli nawo pa sikelo pano.

KUPIMA KULIMBA KWA KAGALASI

Mayi wanzeru pogula mbiya sakhutira ndi kuyang'ana kokha. Amaigogoda namvetsera, pakuti mbiya yofooka imamveka ndi kulira kwake madzi asanayambe kudontha. Madokotala a maso apeza njira yofanana ndi imeneyi.

Kale matendaŵa ankadziŵika pokhapokha kagalasi katasintha kale maonekedwe. Koma kafukufuku wasonyeza kuti kagalasi kamayamba kufooka kasanasongoke. Choncho anapanga makina opima kulimba kwake. M'chaka cha 2005 kampani ya ku America ya Reichert inatulutsa makina otchedwa Ocular Response Analyzer, ndipo pambuyo pake kampani ya ku Germany ya Oculus inatulutsa ena otchedwa Corvis ST.

Makinaŵa sakhudza diso. Amauzira kamphepo pa kagalasi, ndipo kagalasiko kamaloŵa m'kati pang'ono nkubwereranso, zonsezi m'kuphethira kwa diso. Makina a Corvis ali ndi kamera imene imajambula pa liŵiro la zithunzi zoposa 4,000 pa sekondi imodzi. Kagalasi kolimba kamakaniza mphepo ija. Kofooka kamagonja msanga ndipo kamaloŵa kwambiri. Dokotala akaphatikiza zimenezi ndi muyeso wa kuchindikala ndi kubulungira kwa kagalasi, angathe kuzindikira matenda mwana akuonabe bwino.

Makina otere ndi okwera mtengo, ndipo sapezeka m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Komabe wopima maso wophunzitsidwa bwino ali ndi zida zina. Amaŵerengetsa mwana zilembo za pa khoma, namuyang'anitsa pa kabowo kakang'ono; mwana akaona bwino pa kabowoko, nchizindikiro chakuti kuŵala sikukulunjika bwino m'diso. Amaunikanso m'diso ndi kanyali, ndipo pa diso lodwala kuŵala kobwerera kumatseguka ndi kutsekeka ngati sizasi. Koma onseŵa sangapime mwana amene sanabwere naye. Woyamba kuona ndi mayi.

CHIFUKWA CHAKE TIYENERA KUFULUMIRA

Matenda akali aang'ono, mandala amathandiza mwana kuona. Akakula, pamafunika timagalasi tolimba tovala pa diso penipeni. Koma zimenezi siziletsa kagalasi kupitiriza kusongoka.

M'chaka cha 2003 madokotala a mu mzinda wa Dresden ku Germany analengeza njira yolimbitsira kagalasi. Amadontheza vitamini B2 m'diso, naliunika ndi kuŵala kwapadera, ndipo tiulusi tija timagwirana mwamphamvu. Njira imeneyi imaimitsa matenda pamene afika, koma siibweza zimene zaonongeka kale. Ndiponso monga anaikhazikitsira ku Dresden, imafuna kuti kagalasi kasapyapyale kuposa milimita 0.4. Mwana wochedwa naye amataya mwaŵi umenewu. Kagalasi kakachita chipsera, chotsala ndi opaleshoni yoikapo kagalasi ka munthu wina, ndipo timagalasi totere nkovuta kupeza.

ZIZINDIKIRO ZIMENE MAYI ANGAONE

1. Mwana amatsinzina pang'ono kapena kupendeketsa mutu poyang'ana patali.
2. Amayandikitsa buku kumaso, kapena aphunzitsi amadandaula kuti saona pa bolodi.
3. Amadandaula ndi kuŵala kwa dzuŵa ndi kwa magalimoto usiku.
4. Mandala amene anapatsidwa amaleka kumthandiza patangopita miyezi yochepa.
5. Akayang'ana pansi, chikope chapansi chimatukuka mosongoka. Ichi nchizindikiro cha matenda okula kale.

Kamodzi pa miyezi ingapo, phimbani diso limodzi la mwana ndi chikhatho popanda kulidina, ndipo mumfunse zimene akuona patali. Kenaka phimbani linalo. Diso labwino limabisa lodwala, ndipo mwana sanena chifukwa amayesa kuti anthu onse amaona chomwecho. Chitani zimenezi kwa ana a sukulu omwe, osati a pa sikelo okha.

ZOYENERA KUCHITA PA KHOMO

1. Maso akayabwa, nyowetsani kansalu koyera m'madzi ozizira ndi aukhondo, ndipo muike pa zikope mwana atatsinzina.
2. Sambitsani mwana kumaso m'maŵa, madzulo, ndi pamene wachokera koseŵera m'fumbi.
3. Mchotseni pa utsi wa kukhitchini, ndipo muŵengeni zikhadabo.
4. Musamkalipire kapena kummenya chifukwa chotikita. Chotsani kuyabwako, pakuti akalipiridwa adzatikita mobisa.
5. Musathire m'diso madzi a masamba kapena a mizu, mkaka wa m'maŵere, mkodzo kapena shuga. Zimenezi zimabweretsa zilonda pa kagalasi.
6. Musagule mankhwala odontheza m'maso pa msika, ndipo musabwereke a mnansi. Ena amaletsadi kuyabwa msanga, koma akagwiritsidwa ntchito nthaŵi yaitali popanda dokotala amabweretsa ng'ala ndi kuononga mtsempha wa diso.

KOPITA NAYE

Yambani mwauza mlangizi wa zaumoyo kapena anamwino pa chipatala cha Kasinje. Ngati kuyabwa kukubwerera, kapena mwana saona bwino, pemphani kalata yopita nayo ku chipatala cha boma ku Ntcheu. Kumeneko, kukafunika, adzakutumizani kwa akatswiri a maso ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Nkhoma, ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Tengani buku la kuchipatala la mwana, mandala ake akale, ndi mabotolo a mankhwala onse amene wakhala akuthira. Diso likachita mtambo woyera mwadzidzidzi ndi kuŵaŵa, pitani naye tsiku lomwelo.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi kutikita m'maso kumachita chiyani ku kagalasi ka diso?
2. Nchifukwa ninji tiyenera kuphimba diso limodzi poyesa maso a mwana?
3. Kodi m'mudzi mwanu anthu amathira chiyani m'maso oyabwa, ndipo mudzaŵauza zotani?