Phunziro: Kumvetsera Zam'kati mwa Konkire

Ana inu, tsekani mabuku kaye, tcherani khutu kuno. Lero tiona mmene mainjiniya amadziwira ngati konkire ndi yolimba m'kati popanda kuiphwanya.

Mukachoka kuno ku Tamanda n'kukafika pa Great East Road ku Chipata, mumaona phula. Koma konkire ilipo yambiri pansi pa matayala a mathiraki ochokera ku Mwami: m'makalavati, m'ngalande za m'mbali, pamilatho, ngakhale pa mlatho waukulu wa Luangwa uja wa mu 1968. Kunja konkire yonse imaoneka yosalala. Vuto limabisala m'kati, pamene omanga anachulutsa madzi posakaniza, kapena sanaitsendere bwino n'kusiya timapanga ta mpweya pakati pa miyala. A Road Development Agency ayenera kudziwa zimenezi asanalandire ntchito kwa kontirakitala.

Amayi anu akamagula mbiya, amayamba aigogoda ndi chala. Ikalira kuti ngwee, amatulutsa ndalama. Ikangoti phu phu, amadziwa kuti ili ndi mng'alu wosaoneka. Nzeru ya mainjiniya ndi yomweyo, kungoti mawu awo khutu silingawamve. Ife timamva mawu onjenjemera mpaka ka 20,000 pa sekondi, pamene makina oyezera konkire, monga otchedwa PUNDIT, nthawi zambiri amatulutsa onjenjemera ka 54,000. Njirayi inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene Leslie ndi Cheesman ankafufuza ming'alu m'madamu ku Canada, ndipo R. Jones ankayeza konkire ku Road Research Laboratory ku England.

Makinawa ali ndi tizitsulo tiwiri tansonga zaphwatalala, kamodzi kotumiza mawu, kena kolandira. Woyeza amapaka girizi kapena Vaseline pamalo pogunditsapo, chifukwa pakatsala mpweya mawuwo salowa. Akatero amagwira mwamphamvu n'kuwerenga nambala. Nambalayo si mphamvu ya konkire ayi, ndi nthawi imene mawu atenga podutsa.

Tiyeni ku bolodi. Khoma la kalavati ndi lochindikala masentimita 30, ndipo mawu adutsa m'ma microsecond 75. Kumbukirani kuti ma microsecond 1,000,000 ndiwo sekondi imodzi. Gawani mtunda ndi nthawi, mupeza mamita 4,000 pa sekondi. Mumpweya mawu amayenda mamita 340 okha! Konkire yabwino imapereka pakati pa 3,500 ndi 4,500. Liwiro likatsika kupyola 3,000, injiniya ayenera kuda nkhawa, pakuti mawu akakumana ndi mng'alu amaulambalala, njira imatalika, nthawi n'kuchuluka.

Tsono apa mpamene ndikufuna mumvetsetse. Pa khoma kapena mzati mumaika kachitsulo kamodzi uku kena uko, mawu n'kudutsa molunjika. Koma msewu wa konkire wagona pa dothi, kunsi kwake simungafikeko. Tizitsulo tonse tiwiri timakhala pamwamba, mawu amangoyenda cha pamwamba pomwepo, ndipo mwa njira zonse iyi ndiyo yosadalirika kwenikweni. Konkire yonyowa ndi mvula imathamangitsa mawu pang'ono kuposa youma. Zitsulo za m'kati nazo zimanamiza, chifukwa m'chitsulo mawu amathamanga kuposa m'konkire. N'chifukwa chake injiniya wosamala amagwiritsa ntchito makinawa posaka malo okayikitsa, kenako amaboola pamenepo, n'kutenga chidutswa chozungulira kukachipsinja ku labotale mpaka chisweke. Ine ndimaona kuti woyeza amene wangowerenga nambala n'kusaina pepala sanamalize ntchito yake, ndipo kalavati yotero ikadzagumuka mu February, ovutika ndi makolo anu onyamula mbewu ndi feteleza.

Lembani ntchito ya kunyumba. Khoma lomwe lija la masentimita 30, pamalo ena mawu atenga ma microsecond 120. Pezani liwiro lake, ndipo munene ngati mungalole kontirakitala alipidwe. Mubweretse mawa m'mawa.