Mankhwala Amene Amanjenjemeretsa ndi Kuumitsa Thupi

Mu ubongo wa munthu muli timadzi totchedwa dopamine, timene timathandiza kuti manja ndi miyendo ziziyenda mofewa monga mwini wake afunira. Timadziti tikachepa, munthu amadwala nthenda ya Parkinson, imene dokotala wa ku London, James Parkinson, anaifotokoza m'chaka cha 1817. Alipo mankhwala ena a kuchipatala amene amatchinga ntchito ya dopamine, motero womwa amaoneka ngati wagwidwa ndi nthendayi chikhalirecho alibe.

Ambiri mwa mankhwalawa ndi othandiza odwala matenda osokoneza maganizo, monga chlorpromazine (amene amadziwikanso kuti Largactil), haloperidol, ndi jakisoni wa fluphenazine wobayidwa pakapita milungu ingapo. Metoclopramide, woletsa nseru ndi kusanza, nayenso amatero akamwedwa nthawi yaitali, makamaka kwa okalamba.

Zizindikiro zimayamba pakapita masiku kapena milungu, ndipo kawirikawiri zimagwira mbali zonse ziwiri za thupi. Wodwala amayenda mokwakwaza mapazi, manja ali lende osagwedezeka, nkhope imauma ngati wakwiya, ndipo nthawi zina malovu amangotuluka. Mayi amene ankapeta chimanga mwachangu amachedwa ngakhale kumanga chitenje, ndipo akanyamula kapu ya tiyi theka limatayikira pansi.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Ena amati wodwalayo walodzedwa, ena amati akuchita ulesi, ndipo ena, pomumvera chisoni, amamubisira mapiritsi kapena kuleka kumuperekeza ku jakisoni. Kusiya mankhwala mwadzidzidzi kumadzutsa matenda amene anali atagona, ndipo banja limabwerera ku mavuto aakulu kuposa kunjenjemerako. Choyenera n'kubwerera msanga kuchipatala, osadikira tsiku lolembedwa, popeza dokotala angathe kuchepetsa mlingo, kusintha mankhwala, kapena kuwonjezera benzhexol, amene amafewetsa minofu. Mwa anthu ambiri thupi limabwerera mwakale pakatha milungu kapena miyezi ingapo.

Woperekeza wodwala atenge kabuku ka kuchipatala ndi timapaketi tonse ta mankhwala amene ali m'nyumba, ngakhale ogula pagolosale kapena opatsidwa ndi mnansi, ndipo afotokoze tsiku limene manja anayamba kunjenjemera, chifukwa tsikulo ndi limene limathandiza dokotala kudziwa mankhwala amene ayambitsa vutolo.